Yankho kwa malume pa za tchalitchi cha ku Famagusta ndi banja la Lusignan

Malume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva masana, kungoti ndinali m'kalasi. Ndati ndijambule mawu, nkhaniyi ndi yaitali, kulemba sindingaimalize. Mwafunsa za chithunzi chija ndinaponya pagulu pano Loweruka, kuti nyumba yooneka ngati tchalitchi cha ku Ulaya ikutani kuno ku Cyprus, nanga bwanji ili ndi nsanja ya mzikiti pamwamba pake. Ndipo poti ndinati eni ake anali a ku France, mwati ndikuuzeni kuti anali a banja liti, anafika bwanji kuno.

Choyamba nyumbayo. Ili mu mzinda wa Famagusta, anayamba kuimanga mu 1298, linali tchalitchi lalikulu la Nicholas Woyera. Lero ndi mzikiti, dzina lake Lala Mustafa Pasha. Polowa mumavula nsapato, pansi ponse ndi makapeti, makoma anawapaka zoyera, mafano ndi zithunzi zonse anachotsa kalekale. Koma mukakweza maso kudenga, zipilala zija zokumana pamwamba ngati nthiti, simufunsanso kuti poyamba chinali chiyani. Ndipo malume, pakhomo pake pali mkuyu. Mkuyu weniweni, womwe uja wa kwathu kudambo, nkhuyu zake zomera pathunthu. Anthu a kuno amati unabzalidwa nthawi imene ankayamba kumanga. Ine nditauona ndinaima kaye, ndinagwira khungwa lake.

Tsono banjalo ndi la Lusignan. Lusignan ndi katauni kakang'ono kumadzulo kwa France, m'dera la Poitou, pafupi ndi mzinda wa Poitiers. Anthuwa sanali a magazi achifumu ayi. Anali eni linga, eni minda, okhala pansi pa mafumu ena akuluakulu, koma ovuta kuwalamula, ankhondo. Chimene chimazunguza mutu pa mndandanda wawo ndi dzina. Mwana wamwamuna woyamba ankamutcha Hugh, mdzukulu Hugh, chidzukulu Hugh, mpaka kufika Hugh wa nambala 13. Zili ngati mmene munthu amalowera dzina kwathu, kungoti iwowa limachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Ndiye ndikamatchula manambala musatope.

Nkhondo za mtanda zitayamba, zimene Papa Urban wachiwiri anaitanitsa mu 1095 kuti akalande Yerusalemu m'manja mwa Asilamu, banjali linalowamo mibadwo yotsatizana. Hugh wa 6 anapita, Hugh wa 7 anapita pa ulendo wachiwiri wa 1147, Hugh wa 8 anapita nagwidwa pa nkhondo ya ku Harim mu 1164, sanabwererenso kwawo. Ameneyu ndi amene muyenera kumugwira bwino, chifukwa mtengo wonse ukugawikira pa iye. Anasiya ana aamuna angapo. Wamkulu, Hugh, ndiye anapitiriza nthambi ya ku France. Ang'ono ake, Geoffrey, Aimery ndi Guy, analibe cholowa chokwanira, poti mwambo wa kumeneko unkakondera woyamba kubadwa. Kuwonjezera apo, mu 1168 banjali linaukira Henry wachiwiri, mfumu ya England imene inkalamuliranso Poitou kudzera mwa mkazi wake Eleanor, ndipo pa chipwirikiticho anapha Patrick wa ku Salisbury, munthu wamkulu wa mfumuyo. Kwawo kunatentha. Aimery anatsogola kum'mawa, ku ufumu wa Yerusalemu umene ankhondo a mtanda aja anakhazikitsa, anakwatira Eschiva wa banja lamphamvu la Ibelin, Guy anatsatira.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa inuyo malume mumvetsa msanga kuposa anzanga a m'kalasi. Guy anali mkamwini. Basi, palibenso mawu ena. Mfumu ya Yerusalemu nthawiyo inali Baldwin wachinayi, mnyamata wodwala khate, wopanda mwana. Ufumu unkayembekezeka kudutsa mwa mlongo wake Sibylla, amene mwamuna wake woyamba anamwalira namusiyira mwana wamwamuna. Mu 1180 Sibylla anakwatiwa ndi Guy. Baldwin wakhate uja anamwalira mu 1185, mpando n'kupita kwa mwana wa mlongo wake, Baldwin wachisanu. Mwamva? Mwana wa mlongo, ndendende mmene timayendetsera. Koma mwanayo anamwalira chaka chotsatira, 1186, asanakule. Akuluakulu ambiri sankamufuna Guy, ankati ndi mlendo wosadziwa dziko. Olemba ena a nthawiyo amati Sibylla anauzidwa kuti avekedwa ufumu akamusiya mwamunayo, iye navomera pokhapokha amulole kusankha yekha mwamuna wina, ndipo atavekedwa anasankha Guy yemweyo. Chodziwika ndi chakuti chisoti anamuveka ndi mkazi wake.

Chaka chimodzi chokha, malume. Pa 3 July 1187 Guy anatsogolera gulu lonse la nkhondo la ufumuwo kudutsa malo ouma nthawi yotentha, kufuna kukafika ku Tiberias. Tsiku lotsatira, pa 4 July, Saladin, mtsogoleri wa Asilamu wa ku Egypt ndi Syria, anawatsekereza pa mapiri a Hattin, madzi a nyanja ya Galileya akuoneka patali koma osawafikira, udzu wouma atauyatsa moto kuti utsi uwatsamwitse. Anagonja kotheratu. Guy anagwidwa, anamulowetsa muhema wa Saladin ali wefuwefu ndi ludzu, ndipo Saladin anamupatsa madzi ozizira, namuuza kuti mfumu sipha mfumu inzake. Mnzake amene anali naye, Reynald wa ku Châtillon, anaphedwa pomwepo. Pa 2 October chaka chomwecho Yerusalemu anagwa. Ine ndikaganiza za anthu wamba amene anafa ndi ludzu tsiku lija chifukwa cha chiganizo cha munthu mmodzi, mtima umandiwawa.

Guy anamasulidwa mu 1188, ndipo mu 1189 anakazinga mzinda wa Acre, doko la pa gombe la ufumu wa Yerusalemu, kufuna kuulanda m'manja mwa Saladin. Mumsasa momwemo matenda anabuka, mu 1190 Sibylla anamwalira pamodzi ndi ana awo aakazi awiri. Ndiye funso linabwera, lomwe lija timalidziwa. Mkazi wapita, ana apita, mkamwini akhalira chiyani pamudzi? Eni mbumba anati mpando ndi wa Isabella, mng'ono wake wa Sibylla wa mayi wina, namukwatitsa kwa Conrad wa ku Montferrat. Guy anakana kuchoka, ndipo anali ndi womuikira kumbuyo, Richard mfumu ya England, poti a Lusignan anali anthu ake ku Poitou. Koma pomaliza akuluakulu anasankha Conrad. Richard anali atalanda chilumba chino cha Cyprus mu 1191 kwa Isaac Komnenos, Mgiriki amene ankachilamulira, pa ulendo wake wobwera ku nkhondo ya mtanda. Anachigulitsa kwa asilikali achipembedzo otchedwa Templar, iwo chinawakanika anthu atawaukira, ndiye mu 1192 chinapita kwa Guy. Umu ndi mmene banja la ku Poitou linapezekera kuno.

Guy anamwalira mu 1194 wopanda mwana. Amene anamanga ufumu weniweni ndi mkulu wake Aimery, munthu wofatsa ndi wanzeru kuposa mng'ono wakeyo, ngakhale anthu samutchula kawirikawiri. Anavekedwa ufumu wa Cyprus mu 1197. Ndipo tamverani izi. Mkazi wake woyamba atamwalira, iyenso anakwatira Isabella yemwe uja, amene pofika apo anali ataferedwa Conrad komanso mwamuna wina, Henry wa ku Champagne. Ndiye Aimery nayenso anakhala mfumu ya Yerusalemu mwa chikamwini. Atamwalira mu 1205 mipando iwiriyo inasiyana. Cyprus, imene inali yake yeniyeni, inapita kwa mwana wake Hugh wobadwa mwa Eschiva. Yerusalemu anabwerera ku mbumba ya Isabella, kwa mwana wake wamkazi Maria amene anabereka ndi Conrad.

Dikirani ndibwerere ku France pang'ono, kuli nkhani imene azakhali aikonde. Hugh wa 9, mwana wa mkulu wawo wa Guy ndi Aimery, anatomera mtsikana, Isabella wina, wa ku Angoulême. Mu 1200 John mfumu ya England anamulanda mtsikanayo namukwatira. A Lusignan anakasuma kwa Philip wachiwiri mfumu ya France, John anakana kubwera kubwalo, ndipo mu 1202 anagamulidwa kuti alandidwe malo ake a ku France. Pofika 1204 Normandy, dera lalikulu la John ku France, inali itapita. Mlandu wa chitomero, dziko lonse n'kusintha mwini. John atamwalira mu 1216, Isabella anabwerera kwawo, ndipo mu 1220 anakwatiwa ndi Hugh wa 10, mwana wa mwamuna uja anamutomera poyamba. Chodabwitsanso, Hugh ameneyu anali atalonjezedwa mwana wamkazi wa Isabella yemweyo, dzina lake Joan. Ana amene Isabella anabereka ndi Hugh ameneyu anali a mimba imodzi ndi Henry wachitatu mfumu ya England, bambo osiyana. Mu 1247 ena a iwo anawolokera ku England, mfumu inawapatsa minda ndi maudindo, William de Valence anakwatira mkazi wa cholowa cha Pembroke, Aymer anasankhidwa kukhala bishopu wa Winchester. Eni dziko zinawanyansa, mu 1258 anawathamangitsa. Nthambi imeneyi inapitirizabe kufera ku nkhondo za mtanda, Hugh wa 9 ku Damietta mu 1219, Hugh wa 10 ndi wa 11 ku Egypt komweko mu 1249 ndi 1250, Hugh wa 12 pa ulendo wa ku Tunis mu 1270. Inatha mu 1308 posowa mwana wamwamuna, malo awo anatengedwa ndi mfumu ya France.

Kubwerera kuno. Mzere wa amuna wochokera kwa Aimery unali waufupi. Hugh woyamba, Henry woyamba, kenako Hugh wachiwiri amene anamwalira mu 1267 akadali mnyamata. Kunena zoona, m'mawerengedwe a kwawo oyenda ndi bambo, a Lusignan a ku Cyprus anathera pamenepo. Amene analowa, Hugh wachitatu, bambo ake anali Henry wa ku Antioch, wa banja lina. Mayi ake ndiwo anali mlongo wa mfumu Henry woyamba. Anatenga mpando wa malume ake, natenganso dzina la kuchikazi. Mafumu onse otsatira, amene anamanga tchalitchi mwachiona chija, ndi a Lusignan kudzera mwa mayi ameneyu. N'chifukwa chake ndikuti mukayang'ana mndandanda wa mayina mumangoona amuna okhaokha, koma pamfundo iliyonse pamene chingwe chikanaduka, wochilumikiza anali mkazi.

Acre, imene Akhristu anailanda atayizinga paja, itagwanso m'manja mwa Asilamu mu 1291, Akhristu a ku Ulaya anataya mzinda wawo waukulu womaliza ku gombe lija. Othawa ambiri ndi amalonda anathamangira kuno ku Famagusta, mzinda unalemera kwambiri, ndalama zomangira tchalitchi chotere zinachokera pamenepo. Mafumu aja sanasiye kudzitcha mafumu a Yerusalemu. Ankavekedwa kawiri. Chisoti cha Cyprus ankalandirira ku Nicosia, cha Yerusalemu ankadzalandirira mu tchalitchi chimenechi, chifukwa doko lino ndi limene layang'ana ku dziko anatayalo.

Koma ndisakubisireni mbali ina. Eni chilumba anali Agiriki a mpingo wa Orthodox, ambiri a iwo olima minda ya obwerawo mopanda ufulu wochokapo. Mabishopu awo anachepetsedwa kuchoka pa 14 kufika pa 4, naikidwa pansi pa mabishopu a Chikatolika. Miyala yokongola ija inanyamulidwa ndi anthu amene mayina awo mulibe mu mndandanda uliwonse.

Za pambuyo pake ndingodutsamo. Peter woyamba anakafunkha Alexandria mu 1365, naphedwa ndi nduna zake zomwe mu 1369. Nthambi ina inakalowa ufumu wa Aarmenia ku Cilicia, womaliza wake Leo anamwalirira ku Paris mu 1393. Janus anagwidwa ndi asilikali a ku Egypt mu 1426, chilumba n'kuyamba kupereka msonkho kumeneko. Kenako Charlotte, mwana wa m'banja, analandidwa mpando ndi mlongo wake James wachiwiri, mwana wa kunja. James anakwatira Caterina Cornaro wa ku Venice, anamwalira mu 1473 mkaziyo ali woyembekezera, khandalo linamwalira chaka chotsatira. Caterina anakhala pampando yekha mpaka 1489 pamene akwawo a ku Venice anamukakamiza kutula chilumba m'manja mwawo. Mu 1571 Aturuki a Ottoman analanda Famagusta atauzinga pafupifupi chaka, ndipo ndi pamenepo tchalitchi chinasanduka mzikiti, nsanja ija n'kuikidwa pamwamba pa imodzi mwa nsanja zake ziwiri.

Agogo mukawauze kuti mabwinja a Salami, kumene Paulo ndi Barnaba anatsikira ku Kupro, Cyprus yemweyu, m'buku la Machitidwe, ali pafupi kwambiri ndi kuno, ndipitako mayeso akatha. Mawa ndidutsira kumzikiti kuja ndikakujambulireni mkuyu pafupi, masamba ndi nkhuyu zake, muone ngati sindikunama. Moni kwa onse kunyumba.