Timatumba ta madzi mu impso ndi m'chiwindi: yankho kwa achemwali a ku Chibavi

Achemwali, mwalemba kuti mayi anu awapeza ndi timatumba ta madzi mu impso ndi m'chiwindi, ndipo mukufunsa ngati opaleshoni ingatichotse. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri mtima ukuwawa, chifukwa matenda omwewa ndi amene anatenga malume anga.

Amalume ankagulitsa matabwa ku Luwinga, munthu wadzitho. Mimba inayamba kukula pang'onopang'ono. Akadya mbamu ziwiri basi akhuta, akakwera kamtunda kupuma wefuwefu. Achibale anati awalodza chifukwa cha bizinesi, ndipo tinataya chaka chathunthu tikuwiritsa mizu. Msana ukawawa ankameza brufen ngati mtedza. Pomwe tinkapita ku sikani, impso zonse ziwiri zinali zitadzaza timatumba, BP ili m'mwamba, mkodzo uli ndi magazi. Mapeto ake anasiya ana kuno n'kukakhala kwa mlongo wawo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300, kuti azitsukidwa magazi pa makina ku Kamuzu Central.

Za ufiti ine sindifunanso kuzimva. Matendawa ndi akumtundu: kholo likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera, theka ndi theka. Pafupifupi theka la odwala, impso zimafooka kotheratu akamafika zaka 60. Ndipo brufen, diclofenac ndi indocid amene timagula mwachisawawa m'magolosale amamaliza impso yodwala kale. Chiwindi chokha nthawi zambiri chimagwirabe ntchito, koma chimakula mpaka kupanikiza chifu ndi mapapo, makamaka mwa amayi chifukwa cha estrogen, mahomoni a m'thupi la mkazi amene amapezekanso m'mapiritsi ena olerera. Inu mukadzapezeka nawo, za mapiritsi olerera mukakambirane ndi adokotala.

Nanga opaleshoni?

Kathumba kamodzi kakakulu amatha kukapopa ndi singano, koma tambirimbiri sangatichotse tonse. Kuika impso ina anthu athu amapita ku India, ndipo mankhwala ochedwetsa kukula kwa timatumba, tolvaptan, ndi odula zedi. Tsono gwirani BP ya mayi, asadumphitse mankhwala, mchere uchepe mu ndiwo. Akatentha thupi m'nthiti mukuwawa, kapena mutu ukawawa koopsa mwadzidzidzi, thamangani nawo ku Mzuzu Central tsiku lomwelo. Inunso ndi abale anu mukayezetse BP, mupemphe sikani.