N'chifukwa chiyani zinjoka za mu Dungeons & Dragons zimagawidwa potengera mitundu ndi zitsulo?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofotokoza kuti iye ndi anzake ayamba kusewera Dungeons & Dragons, masewero a patebulo momwe osewera amayerekezera kukhala ngwazi za m'nthano, ndipo atatsegula buku la zilombo za m'masewerowo adadabwa kupeza zinjoka zitagawidwa pawiri: zina zikutchulidwa potengera mtundu wa mamba ake, monga chofiira ndi chabuluu, pomwe zina zikutchulidwa ndi maina a zitsulo, monga golide ndi siliva. Akufuna kudziwa ngati kagawidwe kameneka kadachokera m'nthano zamakedzana, komanso chifukwa chake zinjoka zazitsulo zimakhala zokoma mtima pomwe zinzakezo n'zankhanza.

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Kagawidwe kameneka simudzakapeza m'nthano ya fuko lililonse, chifukwa kadapangidwa ndi olemba malamulo a masewero m'dziko la America m'zaka za m'ma 1970, ndipo kadakula pang'onopang'ono malinga ndi zosowa za anthu okhala patebulo ndi madayisi m'manja.

Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya m'tauni ya Lake Geneva, ku Wisconsin, zinjoka zidalipo zisanu ndi chimodzi zokha: choyera, chakuda, chobiriwira, chabuluu, chofiira ndi chagolide. Chomwe chidazisiyanitsa kwenikweni ndi zimene chilichonse chimalavula pomenya nkhondo komanso malo amene chimakhala. Choyera chimakhala kumadera oundana ndipo chimapuma chisanu, chakuda chimakhala m'madambo ndipo chimalavula asidi, chobiriwira chimabisala m'nkhalango n'kutulutsa utsi wapoizoni, chabuluu chimalamulira chipululu ndi mphezi, pomwe chofiira, cham'mapiri, ndicho chimalavula moto. Mukaona mndandanda umenewu muzindikira kuti mitunduyi sidasankhidwe mwachisawawa, popeza kufiira kumakumbutsa moto, kuyera kumakumbutsa chisanu, ndipo kubiriwira kumagwirizana ndi nkhalango ndiponso mpweya wa chlorine umene malamulo oyambirira adatchula.

Apa ndi pamene pagona yankho lenileni. M'masewero amenewa mulibe kanema woti osewera aziyang'ana. Zonse zimadalira mawu a woyendetsa masewero, amene amatchedwa Dungeon Master, ndipo mawu amodzi ayenera kusenza uthenga wambiri. Tiyerekeze kuti gulu lanu likuyenda m'chipululu, ndipo woyendetsa wanena kuti mchenga wagwedezeka n'kutuluka mutu wa mamba abuluu wokhala ndi nyanga imodzi yaikulu pamphuno. Osewera odziwa sadikira kuti auzidwe zambiri. Nthawi yomweyo amamwazikana kuti asaime pamzere umodzi, chifukwa mphezi ya chinjoka chabuluu imayenda mowongoka ndipo imawomba aliyense amene ali m'njira yake, ndipo wamatsenga wa m'gulumo amadziwiratu kuti kuchiponyera mphezi n'kutaya mphamvu pachabe popeza sichivulala nayo. Chikadakhala chofiira akadasamala zina, chifukwa moto wake umatambasuka ukamatalikira kukamwa. Mtundu wa mamba umagwira ntchito yomwe yunifolomu imagwira pabwalo la mpira, pomwe munthu amazindikira Maule ndi Manoma ali patali asanaone nkhope ya wosewera aliyense. Umathandizanso wolemba malamulo, amene amapeza adani asanu osiyana mphamvu kuchokera ku chilombo chimodzi, kuyambira choyera chomwe n'chofooka ndi chopepera nzeru kuposa zonse, kufikira chofiira chomwe amachisungira ngwazi zokhwima.

Zitsulo zina zidabwera pambuyo. M'buku la 1974 chinjoka chagolide chidali chokhachokha kumbali ya lamulo ndi dongosolo, koma mu 1975 Gygax ndi Rob Kuntz adatulutsa buku lowonjezera lotchedwa Greyhawk, momwe adaikamo zinjoka zinayi zatsopano: chasiliva, chakopa, chabulonzi ndi chabrasi. Bulonzi ndi kopa wosakaniza ndi tini, pomwe brasi ndi kopa wosakaniza ndi zinki. Tsopano mbali ziwirizi zidalingana, zisanu uku zisanu uko, ndipo mbali iliyonse idapatsidwa wolamulira wake: chinjoka cha platinum monga mfumu ya zabwino, ndi chinjoka cha mitu isanu, mutu uliwonse wa mtundu wake, monga mfumukazi ya zoipa. Buku la Monster Manual la 1977 ndilo lidazipatsa maina akuti Bahamut ndi Tiamat. Maina awiriwa ndi obwereka. Tiamat ndi mulungu wamkazi wa nyanja m'nthano ya ku Babulo, amene adagonjetsedwa ndi mulungu mnzake Marduk, pomwe Bahamut m'nthano za Aluya ndi chinsomba chachikulu chonyamula dziko, osati chinjoka ayi.

Nanga n'chifukwa chiyani zitsulo zidayenera mbali yabwino? Maganizo anga ndi akuti chinjoka chagolide chitakhalapo kale, njira yosavuta yochipezera abale idali kutsata zitsulo zina, ndipo zitsulo zili ndi ubwino woti anthu amadziwa kale kuziika m'ndondomeko ya ulemu. Wolemba ndakatulo wa ku Greece, Hesiod, adafotokoza mibadwo ya anthu kuyambira wa golide, kenaka wa siliva, kutsika mpaka wa chitsulo wamba. Amene mumawerenga Baibulo mukukumbukira chifanizo chimene Nebukadinezara adalota pa Danieli 2, cha mutu wagolide, chifuwa chasiliva, mimba yamkuwa ndi miyendo yachitsulo. Masewerowo pawokha amawerengera chuma m'makobidi a kopa, siliva, golide ndi platinum, kotero wosewera aliyense amadziwa popanda kuphunzitsidwa kuti chinjoka chagolide chimaposa chasiliva, ndipo cha platinum chili pamwamba pa zonse.

Nthano zakale zidathandizako pang'ono. Chivumbulutso 12 chimanena za chinjoka chachikulu chofiira cha mitu isanu ndi iwiri, ndipo ku Wales kuli nthano ya chinjoka chofiira cholimbana ndi choyera, yomwe idalembedwa kale m'zaka za m'ma 800, ndipo chofiiracho chili pambendera ya dzikolo mpaka lero. Ku China chinjoka ndi chizindikiro cha mvula, mwayi ndi ufumu, ndipo si mwangozi kuti chithunzi cha chinjoka chagolide m'buku la 1977 n'chathupi lalitali lopanda mapiko ngati zinjoka za kumeneko. Koma palibe nthano imene idazisanja zisanu zisanu.

Chimene ine ndimachiyamikira kwambiri m'kagawidwe kameneka, chomwe osewera atsopano ambiri sachiona msanga, n'chakuti khalidwe la zinjoka zazitsulo lidalukidwa m'malamulo enieniwo. M'malamulo a 2014, chinjoka chilichonse chachitsulo chili ndi mpweya wamitundu iwiri, wina wakupha ndi wina wosapha. Chabrasi chingathe kukugonetsani tulo m'malo mokuotchani, chakopa chimakulemetsani thupi kuti muziyenda mwaulesi, chabulonzi chimakukankhirani kutali, chasiliva chimakuumitsani ziwalo, ndipo chagolide chimakufooketsani. Zinjoka zamitundu zilibe mwayi wotere wosankha, mpweya wawo ndi wowononga basi. Choncho woyendetsa masewero akakumanitsa gulu ndi chinjoka chasiliva chokwiya, malamulo amupatsa kale njira yothetsera mkangano popanda maliro.

Dongosololi silidakhale losasinthika. Mu 1980 magazini ya Dragon idasindikiza zinjoka za miyala yamtengo wapatali monga emerald, sapphire ndi amethyst, zomwe Arthur W. Collins adazipanga kuti zikhale pakatikati, zosakondera mbali. Dziko lopeka la m'masewerowa lotchedwa Eberron, lomwe Keith Baker adalenga ndipo lidatuluka mu 2004, limalola chinjoka chagolide kukhala chachinyengo ndi chofiira kukhala cholungama. Kampani ya Paizo, yomwe idasunga mitundu ndi zitsulo m'masewero ake a Pathfinder kuyambira 2009, idasintha njira pambuyo pa mkangano wa chiphaso chogwiritsira ntchito malamulo womwe udabuka mu 2023 ndi Wizards of the Coast, kampani yomwe idatenga umwini wa Dungeons & Dragons, ndipo buku lake la Monster Core la 2024 limagawa zinjoka potengera gwero la matsenga awo.

Ngati tsiku lina mudzakhala woyendetsa masewero, langizo langa ndi lakuti musiyanitse zinthu ziwiri zimene mtundu wa mamba umalonjeza. Lonjezo la mpweya ndi malo okhala mulisunge, chifukwa osewera amene agula mankhwala oteteza ku moto atamva mphekesera za chinjoka chofiira achita mwanzeru ndipo ayenera kupindula ndi kukonzekera kwawo. Koma lonjezo la mtima mungathe kuliphwanya nthawi zina, popeza chilombo chokhala zaka mazanamazana, cholankhula ndi kuganiza kuposa munthu, chimasangalatsa kwambiri chikakhala ndi zifukwa zakezake zochitira zinthu. Chachikulu n'chakuti muike zizindikiro panjira, monga midzi yolipira msonkho wolemetsa kwa chinjoka chagolide kapena amalonda oyenda mwamtendere m'dera la chabuluu, kuti osewera atcheru azindikire okha asanafike pakhomo la phanga.