Amalima bwanji pomwe kale panali nyanja?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga amakhala ku Kent, ku England. Akuti kumeneko kuli mudzi wotchedwa Brookland womwe unamangidwa pamalo olanda kunyanja. N'zoona zimenezi? Nanga mchere suwononga mbewu? Wowerenga wanu, Nsanje

YANKHO: Mwana wanuyo sakunama. Brookland ali m'dambo la Walland Marsh, mbali ya Romney Marsh, ndipo nthaka yake anthu anaiphwetsa pang'onopang'ono zaka mazanamazana zapitazo.

Ankayamba ndi kuunjika khoma la dothi kuzungulira chigawo cha dambo kuti madzi a m'nyanja asalowenso. Kenako ankakumba ngalande zokathera pachitseko chomwe chimatseguka nyanja ikaphwa, n'kutsekeka ikadzadza. Mchere umatsukidwa ndi mvula, koma zimatenga zaka, n'chifukwa chake malo atsopano ankayamba akhala msipu. Ngozi yaikulu ndi ulesi: ngalande ikadzala matope ndi bango, madzi amadikha ndipo mizu imaola.

Chuma cha mudziwu chinali nkhosa za mtundu wa Romney, zomwe ziboda zake siziola msanga pachinyontho. Ubweya wake ena ankauzembetsera ku France usiku, ndipo mu 1821 ozembetsa katundu anamenyana ndi asilikali a boma pafupi ndi mudziwu. Masiku ano tirigu ndi mbatatesi amalimanso.

Malungo, omwe ambiri timayesa ndi athu okha, ankapha anthu kumenekonso. Mukadzapitako mukaone tchalitchi cha St Augustine: nsanja yake ya mabelu ndi yamatabwa ndipo inamangidwa payokha pambali, akuti poopa kuti nthaka yofewayo singapirire kulemera kwake.