Za mng'ono wanu wofuna kukhala creative director wa magemu

Achimwene, mng'ono wanuyo asanakapereke kalata yosiyira digiri yakeyo chifukwa cha maloto a u creative director mumuwerengetse izi, ndalemba manja akunjenjemera ndiye zolakwika mungokonza nokha. Udindo umenewo ine ndinaunyamulapo zaka ziwiri ndi miyezi kuno ku Cape Town ndipo mpaka lero munthu akangotchula mawu awiri amenewo m'mimba mwanga mumatentha.

Palibe amene amalembedwa ntchito imeneyo akuchokera kusukulu, iyayi. Ine ndinalowera ku QA, kutanthauza kusewera chipinda chimodzi chomwecho kuyambira m'mawa mpaka madzulo kusaka pamene munthu akugwera pansi pa mapu, kenako ndinapita kokonza ma level. Situdiyo yathu inali ya anthu 11 m'nyumba ina yomwe kale inali fakitale. Mkulu amene ankatsogolera gemu atapeza ntchito ku Ulaya bwana anandiitana n'kundiuza kuti ndalama yokweza salale palibe pakadali pano koma dzina akundipatsa, ndipo ine chitsiru ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ndinaimbira mayi kumudzi usiku womwewo, iwo anangomva mawu oti dairekitala basi, pofika Lamlungu tchalitchi chonse chinali chitadziwa ndipo mauthenga opempha ya feteleza anayamba kugwa ngati mvula kkkk pomwe salale ili yomwe ija.

Mng'ono wanuyo akuganiza kuti ntchitoyi ndi kukhala pampando n'kumalota nkhani, ena n'kumapanga. Ntchito yake yeniyeni ndi kukana. Wojambula wakhala masabata atatu pa chinthu chokongola kwambiri, iwe ukamuuze kuti sichilowa chifukwa nthawi palibe. Wa pulogalamu akuti chimene ukufunacho chitenga miyezi iwiri, iwe usankhe chodula. Ndipo pamwamba pako pali publisher amene amapereka ndalama pang'onopang'ono, mukamaliza gawo lomwe munagwirizana, amati milestone, iwo aliwone, akakhutira ndiye atumize ndalama ya miyezi yotsatira. Akapanda kukhutira anthu 11 salandira, ndipo onse amayang'ana iwe. Ndalama imeneyonso si mphatso, gemu ikatuluka amayamba abweza yawo kaye situdiyo isanaone kalikonse.

Gemu yake inali yanga, apa ndi pamene pamandiwawa. Agogo anga aamuna anali msodzi ku Nkhotakota, anagwira zaka zambiri ngati siginala, uja amakhala yekha pa bwato usiku ndi nyali kukopa usipa kuti anzake azinge ndi chilimira. Ndili mwana ankandifotokozera mmene umamvera mwera ukubwera usanauone, mmene nyanja imasinthira fungo, mmene nyali za anzako zimaonekera ngati tauni yoyandama kenako imodzi n'kuzima iwe osadziwa ngati ndi mafuta atha kapena munthu wapita. Zonsezo ndinazilemba mu hadikava yakuda ndisanayambe n'komwe ntchito pamalo pamenepo. Gemu inali yoti iwe ndiwe siginala, mdima ponseponse, kuwala kumakubweretsera nsomba koma kumakuonetsanso kwa zinthu zina. Ndi hadikava imeneyo imene inatipezera publisher. Osati bwana, osati ma slide ake aja.

Chaka chomalizacho ndi 2023, amene muli kuno mukukumbukira magetsi mmene ankazimira, stage 6 masiku otsatizana, inveta ya pa ofesi inkangokwanitsa makompyuta anayi ndiye tinkagawana, ena masana ena usiku, ine zonse ziwiri. Ndinali ndi bulangete pansi pa desiki. Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti tipereke milestone yayikulu agogo aja anamwalira. Ndinapita kwa bwana, anandigwira paphewa nkhope yachisoni bwinobwino n'kunena kuti chisankho ndi changa koma ndikumbukire kuti mabanja 11 akudalira Lachisanu limeneli. Ndinatsala. Maliro a munthu amene anandipatsa gemu yonseyo ndinaonera pa WhatsApp nditakhala pa masitepe a kuseri, msuweni wanga atagwira foni, netiweki ikudukaduka, nyimbo ya amayi a chigwirizano imamveka pang'ono n'kuima, chithunzi chinaundana pamene ankatsitsa bokosi ndipo chinakhala choncho mpaka foni inaduka. Ndinapukuta m'maso n'kubwerera mkati kukakangana ndi munthu za mtundu wa madzi.

Tinatumiza build, gemuyo pamene tinaifikitsa, Lachisanu cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Loweruka ndi Lamlungu ndinangogona ngati wakufa.

Lolemba ndinadzuka mosangalala, zoona, ndinagula magwinya 20 pa siteshoni kuti anyamata adyere limodzi. Ndili mu taxi ndinaona kuti Slack, app yolemberana pa ntchito, yanditulutsa, ndinati mwina ndi bandulo yatha. Imelo ikukananso. Ndikufika pakhomo, khadi ndikuika, kakuwala kofiira. Ndikuikanso, kofiira. Mlonda wa pamenepo bambo wachikulire amene tinkamwera limodzi tiyi usiku wonse wa crunch uja, nthawi yochezera kugwira ntchito ija, sanandiyang'ane kumaso, anangoti dikirani pang'ono abwera kudzakutengani, ndipo apo ndi pamene miyendo inayamba kuzizira. Sanandilowetse mu ofesi yayikulu. Ananditengera m'kachipinda kamene tinkajambuliramo mawu, kopanda windo, makoma ake omata siponji, moti ngakhale ukuwe kunja samva, kaya anasankha dala kaya. Munali bwana ndi mayi wina amene sindinamuonepo chibadwire, atanyamula fayilo. Pepala la magwinya ndinaliika patebulo mafuta akudontha ndipo nthawi yonseyo maso anga anali pa banga la mafutalo likukula.

Akuti publisher wakonda milestone. Wakonda, ndalama ikubwera. Koma akufuna gemu itenge njira ina yoti igulike kwambiri ndipo akuona kuti ine ndaikonda mopyola muyeso moti sindingathe kuisintha. Kontrakiti yanga inali ya miyezi sikisi sikisi, ankangoiwonjezera, ndipo inkatha kumapeto kwa mwezi womwewo, ndiye akuti sakundichotsa ayi, angosiya kuiwonjezera, masiku otsalawo ndikhale kunyumba adzandilipira. Ndinafunsa kuti nanga gemu. Mayi uja anatsegula fayilo n'kundilozera ndime imene ndinasaina ndekha osawerenga tsiku limene ndinkaimbira mayi anga lija, yoti chilichonse chimene ndaganiza, kulemba kapena kubweretsa pa ntchitoyo ndi cha kampani. Ndinati chabwino ndikatenge hadikava yanga pa desiki. Akuti imeneyo muli zolemba za gemu ndiye ikhala kaye aione. Apa ndiye ndinakuwa achimwene, ndinayamba kulankhula Chichewa kwa anthu osamva Chichewa, kuwauza kuti m'bukumo muli mawu a munthu amene sindinakamuike m'manda chifukwa cha inu. Siponji uja anameza zonse. Mlonda uja anandibweretsera chikwama ndi bulangete langa litapindidwa bwinobwino, anapinda yekha, n'kundiperekeza mpaka pageti. Anzanga ndinangowaona pagalasi atazyolika pa makompyuta. Magwinya ndinawasiya, ndipo ndinamva kuti anadyedwa.

Bwana ameneyo mxii. Munthu woti sanamalizepo gemu yathu ngakhale kamodzi, kontrola ankagwira ngati wagwira nkhanu. Akapita ku msonkhano wa magemu kunja ankabwera ndi nzeru yatsopano ulendo uliwonse, lero tiikemo zosewera anthu ambiri pa intaneti, mawa tiikemo makhadi, ine n'kumakhala usiku kulemba zifukwa zomukanira mwaulemu. Pakamwa pake sipankachoka mawu oti ndife banja. Banja lanji lolipira ovataimu ndi pizza. Tsiku la agogo lija anadziwa kale, ndikutsimikiza mumtima mwanga kuti anadziwa, zokambirana zoterozo sizichitika pa wikendi imodzi, anangofuna ndimalize kaye kumuphikira. Udindo wanga anaupereka kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kutsegula Unity, pulogalamu yopangira magemu, iyeyo sindimuda kwenikweni, naye anaimbira mayi ake mwina. Patatha chaka ndinaona trailer, bwato lomwe lija, nyali zomwe zija, koma nyanja yasanduka ya pepo pa dziko lina la m'mlengalenga ndipo siginala wanyamula mfuti. Dzina langa lili kumunsi kwenikweni pa mndandanda wa ongothokozedwa, ataliphonyanso chilembo chimodzi. Hadikava inabwera pa kuriya patapita miyezi inayi, masamba ena atamatidwa timapepala tachikasu ta munthu wina.

Cholakwa changa china, ndinagona m'nyumba masabata ambiri osatsegula makatani, kuopanso za pemiti yanga, ndipo pamene munthu wina anandiuza kuti nkhani ya kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo umayenera kuitengera ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito kuno, pasanathe masiku 30, komanso kuti kontrakiti imene akhala akuiwonjezera mobwerezabwereza ukhoza kuidandaulira, masikuwo anali atadutsa kalekale ndipo mphamvu zokapempha kuti andimvere mochedwa ndinalibe.

Musaganize kuti zinandichitikira chifukwa ndine mlendo pa kasitudiyo kakang'ono. Patrice Désilets ndi amene anatsogolera gemu yotchuka ya Assassin's Creed yoyamba ya 2007 ndi yachiwiri yomwe. Anachoka ku Ubisoft, kampani imene inapanga gemuyo, mu 2010, n'kupita ku kampani ina ya THQ ku Montreal kukayamba gemu yake yotchedwa 1666, THQ inagwa, Ubisoft n'kugula situdiyoyo kumayambiriro kwa 2013 pamodzi ndi iyeyo ndi gemu yake yomwe, pofika May anamuchotsa. Iye mwini ananena kuti alonda awiri anamutulutsa osatsanzikana ndi anthu ake kapena kutenga katundu wake. Nditawerenga zimenezo ndinaseka ndekha ngati wamisala. Anakasuma kukhothi ndipo 1666 anaitenganso mu 2016, zaka zitatu, munthu wa dzina ndi maloya. Hideo Kojima analowa kampani ya Konami mu 1986, gemu ya Metal Gear yonse ija ndi mutu wake, koma mu 2015 dzina lake analichotsa pa chikuto ndipo December wa chaka chomwecho anamuletsa kupita ku The Game Awards, mwambo wa mphoto za magemu, kumene gemu yake inapambana. Amy Hennig wa gemu ya Uncharted ananena yekha kuti zaka khumi zimene anakhala ku situdiyo ya Naughty Dog ankagwira pafupifupi maola 80 pa sabata, anachokako mu 2014, anapita ku Visceral kukapanga gemu ya Star Wars, eni ake a EA n'kutseka situdiyoyo mu 2017 gemu isanatuluke. Ndipo kupanga gemu yabwino sikukuteteza, Tango Gameworks anatulutsa Hi-Fi Rush mu 2023 aliyense akuiyamikira, eni ake a Microsoft n'kulengeza zotseka situdiyoyo mu May 2024. Awa ndi akuluakulu, ndiye mwana wa ku Area 25 ali ndi laputopu yobwereka?

Komabe musamuphe mtima, mwamva. Digiri amalize, chatsala ndi chaka chimodzi chokha ndipo pepala limenelo limathandiza pofunsira pemiti, ngakhale kunena zoona palibe situdiyo inandifunsapo digiri, onse ankangoti tionetse chimene unapanga. Ndiye apange. Atsitse Godot, pulogalamu yopangira magemu, ndi yaulere ndipo imayenda pa kompyuta yofooka, apange kagemu ka mphindi zisanu kamene kamatha, osati dziko lalikulu la m'mutu mwake lija, akaike pa itch.io, webusaiti yoikapo magemu, anthu akatukwane. Januwale aliyense kumakhala Global Game Jam, kumene anthu amapanga gemu m'maola 48, alowe. Aphunzire luso limodzi logwirika, kaya pulogalamu kaya ma level, Neil Druckmann wa The Last of Us analowa Naughty Dog mu 2004 ngati intern wa pulogalamu, Cory Barlog wa God of War anayambira ku animation. Kuno kwathu ku Africa zinachitikapo, Free Lives a kuno ku Cape Town anatulutsa Broforce mu 2015, Nyamakop a ku Johannesburg anatulutsa Semblance mu 2018, ku Cameroon Kiro'o Games anatulutsa Aurion mu 2016. Akadzafuna kugulitsa pa Steam, msika wa magemu pa intaneti, ndi madola 100 kuika gemu imodzi ndipo iwo amadula 30 peresenti.

Asadzasaine kanthu loya asanawerenge, ndipo nkhani iliyonse yochokera kwawo, ya agogo ake, ya kumudzi, ailembetse mu kontrakiti kuti inalipo kale ndipo ndi yake. Maliro azipita, milestone izidikira. Koma tsiku lina bwana wina akadzamuuza kuti ndalama palibe koma dzina lilipo, atenge, eee atenge ndithu, chifukwa ntchito imene ndili nayo panoyi ya ma app a inshuwalansi, yoweruka 5 koloko, ndinaipeza chifukwa cha mawu awiri omwewo pa CV, ndipo tsiku limene tinayatsa nyali zija pa madzi koyamba ofesi yonse n'kukhala chete sindinalipezenso kwina kulikonse. Madam sakudziwa koma ndayambanso usiku akagona, pa Godot, bwato limodzi nyali imodzi, madzi sakundimverabe. Mundiuze laputopu yakeyo ili ndi RAM yochuluka bwanji.