Margarita, Peggy ndi Margaret: agogo amodzi kapena atatu?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akufufuza mbiri ya makolo awo, ndiye mutu wawaima atafika pa agogo a agogo awo. M'buku la ubatizo analembedwa kuti Margarita, pa kalembera wa boma ndi Peggy, pomwe pa satifiketi ya imfa pali Margaret. Funso lawo ndi lakuti: "Ndi munthu mmodzi ameneyu, kapena ndalowerera m'banja la eni?"

Mayi, mtima m'malo. Maina atatuwo akhoza kukhaladi a munthu mmodzi. Kumbukirani kuti agogowo sindiwo anagwira cholembera. Ankalemba ndi wansembe, kalaliki kapena wakalembera, aliyense ndi chizolowezi chake. Ansembe ambiri ku Ulaya ankalemba m'Chilatini, ndipo dzina la mwana nalo ankaliika m'Chilatini momwemo. M'kaundula wa ubatizo wa tchalitchi cha ku Stratford-upon-Avon ku England, pa 26 April 1564, muli mawu akuti "Gulielmus filius Johannes Shakspere". Gulielmus ameneyo ndi William Shakespeare. Chimodzimodzi Jacobus: kunyumba angakhale James kapena Jacob. Margarita wanuyo n'kutheka kuti anabadwira pa cholembera cha wansembe basi.

Peggy ndi la pakhomo. Wakalembera ankafunsa yense amene wam'peza, kaya mwana kaya woyandikana naye nyumba, n'kulemba zimene khutu lamva. Pa Chingerezi, Peggy ndi Margaret, Polly ndi Mary, Sally ndi Sarah, Nancy ndi Ann. Palinso zidule za alembi, monga Jno. m'malo mwa John ndi Jas. m'malo mwa James. Munthu wokopera mabuku akalewa pa kompyuta akapanda kuwerenga bwino malembedwe opiringizika aja, pa intaneti pamatuluka dzina loti mwiniwake sanalimvepo. N'chifukwa chake ine sindikhutira ndi zotayipidwa, ndimafuna chithunzi cha tsamba lenilenilo.

Ku Germany kunali kwina. Anyamata a bere limodzi ankatha kukhala onse ndi dzina loyamba la Johann. Akulu ake a katswiri wopeka nyimbo Johann Sebastian Bach analipo Johann Christoph ndi Johann Jacob. Nthawi zambiri loitanira linali lachiwirilo, choncho chikalata china chimatenga loyamba, china lachiwiri.

Koma chimene chimandiopsa ine si maina osiyana ayi. Ndi dzina limodzi lokhala ndi eni ake awiri. Kale ana ankamwalira kwambiri, ndipo makolo ankapatsa mwana wotsatira dzina la malemuyo. Wojambula Vincent van Gogh anabadwa pa 30 March 1853, patatha chaka chathunthu chibadwire mkulu wake wopita padera, amenenso anam'tcha Vincent. Munthu ukathamanga, umatola ubatizo wa mwana amene anaikidwa m'manda ali khanda, n'kumukwatitsa, n'kumuberekera ana asanu ndi awiri. Cholakwa chotere chikalowa pa intaneti, anthu amangokoperana osafunsa.

Tsono dzinalo liikeni pambali kaye, muyang'ane anthu amene azungulira agogowo. Bambo ndi mayi a Margarita ndani? Mwamuna wa Peggy ndi yemweyo amene watchulidwa pa satifiketi ya Margaret? Ana akutsatana mofanana? Mboni za ukwati ndi oimira ana pa ubatizo amathandiza kwabasi, poti kawirikawiri amakhala abale, ndipo maina awo amabwerabwera. Zinthu zitatu kapena zinayi zikagwirizana, pamodzi ndi malo, ine ndimavomera. Zaka zokha musazidalire kwambiri. Pa kalembera wa 1841 ku England, alembi anauzidwa kuti zaka za munthu wopitirira 15 azizitsitsa kufika pa nambala yogawika ndi 5, moti wa zaka 29 ankalembedwa 25. Nayo satifiketi ya imfa muziitenga mosamala: wopereka uthengawo amakhala wofedwa, mwina mdzukulu amene ankangowadziwa kuti agogo.

Posunga zimene mwapeza, musakonze kalikonse. Lembani dzina lililonse monga lilili, chikalata chake ndi chaka chake pambali. Mu imelo yanu simunatchule kaundula wa ukwati, ndiye yambirani pamenepo, chifukwa m'madera ambiri umatchula bambo wa mkwatibwi. Mukatero mutsegule buku la maliro la parishi yomweyo, muone zaka zotsatira ubatizo uja ngati mulibe Margarita wina amene anamwalira ali wakhanda.