Funsani Aphunzitsi: bolopeni yofiira m'buku la pageti

Aphunzitsi, ine ndine gadi pa fakitale ina ku Workington mu Harare, ndimakhala ku Mufakose, makolo anga ndi a ku Dedza koma ine ndinabadwira konkuno. Sabata yatha dalaivala wa lole anafika cha m'ma 11 usiku alibe mapepala a katundu ndiye ndinamubweza, iye nkunena kuti abweranso mawa. M'buku la malipoti ndinalemba kuti "The driver said me he will come tomorrow and asked where is the manager." Supavaiza anazunguliza malo atatu ndi bolopeni yofiira ngati ndili giredi 5, pa me, pa will ndi pa is, koma osandiuza chalakwika nchani. Novembala uno ndikufuna kulembanso Chizungu cha O Level cha ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, ndiye zandidetsa nkhawa. Ndithandizeni chonde.
Gadi wausiku, Mufakose

Achimwene, pa malo atatuwo awiri supavaiza wanu akunena zoona, limodzilo tikhoza kukangana naye mpaka tiyi kuzizira.

Tiyambe ndi said me poti yankho lake muli nalo kale m'kamwa mwanumo. Pa Chichewa pali kunena ndi kuuza. Mumati "dalaivala anandiuza kuti abwera", simungati "dalaivala anandinena kuti abwera", mukatero ndiye kuti munthuyo anakudyani miseche kkkk. Chizungu chimodzimodzi, say ndi kunena, tell ndi kuuza, ndipo tell amafuna munthu wouzidwayo pompo, told me, told the manager, pomwe said amayenda yekha. Ndiye ndi "the driver told me" kapena "the driver said" basi. Explain ndi suggest nawonso amakana me wachindunji, ndi explained to me osati explained me, izi ndimazimva tsiku ndi tsiku mu kombi ngakhale kwa anthu a matayi.

Pa where is the manager vuto ndi lakuti ife funso sitilitembenuza. "Manijala ali kuti?" ndi "anafunsa kuti manijala ali kuti", mawu ali pamzere womwewo, palibe chasuntha. Mzungu akamafunsa amatsogoza is, koma akamafotokoza zoti wina anafunsa, limenelo silikhalanso funso ndi nkhani chabe, ndiye is uja amabwerera kumbuyo kwa mwini wake, "he asked where the manager was", ndipo chizindikiro cha funso osaika. Do ndi did amangosowa, "Where do you stay?" imasanduka "he asked where I stayed". Funso la eya kapena ayi limalowa ndi if kapena whether, amene ndi ngati wathu yemweyu, anafunsa ngati manijala alipo, "he asked if the manager was in".

Tsopano will uja. Apa mpamene Chichewa ndi Chizungu zimasiyana zenizeni ndipo ndikufuna mumvetse osati kungoloweza tebulo la m'buku. Ife tikanena kuti anati, mawu otsatirawo timawanyamula momwe anatulukira pakamwa pa mwini wake. Munthu wangongole anakulonjezani mu Janyuwale, lero ndi Epulo, inu mumanenabe kuti "anati abweza mawa koma mpaka pano zii", ndipo palibe amene amasokonezeka kuti mawa lake liti, tonse tikudziwa kuti ndi mawa la tsiku lija. Anzathu a Chishona ndi hanzi wawo amachitanso chomwecho. Chizungu ayi, chimayang'ana pamene waima iwe wofotokozawe, ngati nthawi yapita mawu nawonso abwerere sitepe imodzi m'mbuyo, will akhale would, can akhale could, is akhale was, has akhale had, tomorrow akhale the next day, yesterday akhale the day before, here akhale there ngati wachokapo pamalopo. Would, could ndi should alibe kobwerera, amakhala momwemo.

Koma apa mpomwe ndikukuikirani kumbuyo. Ngati munalemba usiku womwewo lole isanazimiririke nkomwe pakona, mawa lija linali lisanafike, ndiye "he said he will come tomorrow" si Chizungu cholakwika, eni ake amayankhula choncho zinthu zikakhala kuti zikadali zoona. Kungoti buku la pageti si la inu nokha, alitsegula wina Lachisanu, mwina pakatha mwezi katundu akasowa, ndipo inu a usiku muli ndi kavuto kena, dalaivala wayankhula 11:40 inu mwagwira bolopeni 12:10, tomorrow wake ndi today wanu kale. Ine ndikanalemba would nkuika tsiku lenileni, "The driver said he would come back on Wednesday and asked where the manager was." Pa mayeso musachite kuganiza kawiri, akakupatsani said kapena asked bwezani m'mbuyo, wochonga sangakudyereni malikisi chifukwa cha would.

China chomwe simunafunse koma muzichifuna pageti, mukamulamula munthu ndi told kenako to, "I told him to park outside", kuletsa ndi "I told him not to block the gate", not amatsogola. Komanso samalani he ndi she, ife iye ndi iye basi kaya mwamuna kaya mkazi, ndiye lipoti limayamba ndi he pofika mzere wachitatu dalaivala wasanduka she.

Aphunzitsi, kodi akuti wathu uja pa Chizungu ndi chani? Ngati "akuti madzi abwera Loweruka". Ndikalemba they said aticha amandifunsa kuti they ndani.
Mtsikana wa Fomu 4, Mabvuku

Mwanawe, aticha ako akufunsa bwino, ndipo za madzi ku Mabvuku akuti ameneyo ndi wakale kuposa iwe. Akuti wathu ndi kachikwama kobisamo mwini mawu, umanena nkhani koma ukudzichotsamo, zikapanda kuchitika usandigwire ine. Chizungu chilibe liwu limodzi lokwana ndendende pamenepo. Pocheza amati "apparently the water is coming on Saturday" kapena "I hear the water is coming", they say amamvekanso koma mu kompozishoni amaoneka waulesi. Polemba ndi "it is said that" kapena "it is reported that". Ukatenga Herald kapena NewsDay yang'ana nkhani za kukhoti, upeza allegedly ndi reportedly mbwee, ameneyo ndiye akuti wa atolankhani, amamuika poti mlandu sunagamulidwe.

Ndipo usamangosinthanitsa said ndi mawu ena pofuna kukometsa. Ukalemba "she claimed that she had paid" wanena kale kuti iwe ukukayika, ukalemba "she admitted that she had not paid" ndiye kuti wavomera kulakwa, denied ndi kukana mlandu ndipo amatenga -ing bwinobwino, "he denied taking the money". Ndinaonapo mwana wina atalemba kuti ahedi claimed kuti sukulu itsekedwa Lachinayi, iye ankangofuna liwu lalitali kuposa said, osadziwa kuti wawatcha ahediwo abodza pa pepala lomwe achonge ndi achiwiri awo.