Kwa mayi amene mwana wawo akufuna kusiya Chemistry ndi Physics

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mtsikana wanu ali Fomu 3 pa sekondale yoyendera, Biology amayesako koma Chemistry ndi Physics zikumuliza, sukulu yawo ilibe labotale, ndipo wayamba kunena zoti azisiye. Mukufunsa kuti mfundo zoyambira zoti agwiritsitse ndi ziti, komanso ngati inuyo, amene simunapite patali ndi sukulu, mungathandizepo kanthu. Ine ndinaphunzitsa sayansi pa sukulu yoyendera yonga imeneyo, kumene zipangizo zonse zinkakwana m'katoni imodzi, ndiye mundilole nditalikitseko.

Chonde asasiye. Mwana wolota unamwino, udokotala, za ulimi kapena uinjiniya akasiya maphunziro awiriwa ali Fomu 3, wadzitsekera yekha khomo. Vuto lake ndikulidziwa ngakhale sindinamuonepo: amakopera manotsi, amaloweza mpaka usiku, koma pa mayeso funso likangobwera mozondoka, mutu umaima. Ana ambiri amaona ngati Biology, Chemistry ndi Physics ndi midzi itatu yotalikirana, uliwonse ndi chilankhulo chake. Komatu nkhaniyi ndi imodzi, ndipo yonse ili pakhomo panu, kuchokera kumunda mpaka pa mafuwa.

Mfundo zonyamula zinzake ndi ziwiri. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo maatomuwa sasowa: amangosiyana ndi anzawo amene anagwirana nawo n'kukagwirana ndi ena. Mphamvu nayo sisowa, imangochoka mumtundu wina n'kulowa mumtundu wina. Mwana akamvetsa ziwirizi, mitu yambiri ya Fomu 1 mpaka Fomu 4 imayamba kulumikizana yokha.

Mumufunse funso ili madzulo ano. Thumba la makala ndi lolemera, koma likatha, phulusa lake silidzaza ndi chidebe chomwe. Nanga zina zonse zija zapita kuti? Makala ndi carbon pafupifupi yekhayekha. Akamayaka, atomu imodzi ya carbon imagwirana ndi maatomu awiri a oxygen ochokera mumpweya, n'kupanga carbon dioxide amene amauluka osaoneka. Palibe chasowa, makala aja ali m'mwamba. Ndiye mulitembenuze funsolo: mtengo umene anawotcha makalawo unautenga kuti carbon wonsewo? Ana ambiri amati m'dothi. Ayi, mumpweya momwemo. Tsamba limakoka carbon dioxide kudzera m'timabowo take totchedwa stomata, mizu imakoka madzi, ndipo chobiriwira cha m'tsamba chija, chlorophyll, chimagwira kuwala kwa dzuwa n'kuwumba shuga wotchedwa glucose. Oxygen ndiye amatsala n'kutuluka. Imeneyo ndiyo photosynthesis, ndipo m'buku lake analemba kuti 6CO2 + 6H2O → C6H12O6 + 6O2. Asaloweze mzerewu ngati nyimbo ya m'kalasi ya ana. Atenge njere za nyemba, chimanga ndi mtedza, mtundu uliwonse uimire atomu yake, awerenge mbali zonse ziwiri. Apeza carbon 6 uku ndi 6 uko, hydrogen 12 ndi 12, oxygen 18 ndi 18. Zimene aphunzitsi amati balancing equations ndi zomwezi basi, kuwerenga kuti pasasowe njere ngakhale imodzi.

Chimanga chimasunga shuga uja m'njere ngati starch, ndipo ufa wanu ndi womwewo. Apa ndi pamene inuyo muli mphunzitsi woposa ine. Mukamaphika thobwa, chimera simuthira phala likubwata, mumadikira lizizireko. Mukathira, phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda shuga wa kugolosale. M'chimera muli enzyme yotchedwa amylase, imene imadula starch kukhala shuga. Kutentha kukapitirira, enzyme imawonongeka osagwiranso ntchito, ndipo pa mayeso amati yachita denature. Amylase yomweyo ili m'malovu athu, n'chifukwa chake buledi ukamutafuna nthawi yaitali amayamba kuzuna. Ine mutu wa enzymes ndinauphunzitsa zaka zingapo ndi choko chokha, ana akungondiyang'ana. Tsiku lina mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja n'kufunsa ngati zimenezi n'zomwe zimachitika ndi chimera cha agogo ake. Kuyambira chaka chimenecho ndinkabwera ndi phala m'makapu awiri, lina lotentha kwambiri, lina lofunda, ndipo mutuwo sunavutenso.

Nsima ikagayika, shuga amalowa m'magazi n'kufika mu selo iliyonse ya thupi. Kumeneko amakumana ndi oxygen amene tapuma, n'kutulutsa mphamvu, madzi ndi carbon dioxide. Imeneyi ndi respiration, ndipo mukaiyang'anitsitsa ndi photosynthesis yoyenda chobwerera. Thupi likuchita zomwe mbaula imachita, koma mofatsa, pa madigiri 37 okha, chifukwa ma enzyme ndiwo akuyendetsa ntchitoyo. Pamenepa ndiikepo mawu amene si a mayeso okha. Makala akayaka m'chipinda chotseka, oxygen amachepa, ndiye m'malo mwa carbon dioxide pamatuluka carbon monoxide. Alibe fungo, alibe mtundu, ndipo amakakamira ku haemoglobin, chonyamula oxygen m'magazi, mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Mu June ndi July mbaula isagone m'nyumba, ngakhale kuzizire bwanji.

Tsopano mole, amene amathamangitsa ana ambiri ku Chemistry. Kumsika usipa sawerenga umodziumodzi, amayeza pa mbale kapena pa chigoba. Maatomu ndi ochepetsetsa kuposa usipa, ndiye akatswiri anagwirizana muyeso wawo. Mole imodzi ndi tinthu 6.02 × 10^23, ndipo ubwino wake ndi wakuti umatha kuiyeza pa sikelo: mole ya carbon imalemera magalamu 12, ya maatomu a oxygen 16, ya nitrogen 14, ya hydrogen 1. Manambala amenewa ali pa tchati cha maatomu chotchedwa periodic table, saloweza. Mole ya madzi, H2O, ndi 1 + 1 + 16, magalamu 18, madzi ongopitirira pang'ono supuni yaikulu imodzi.

Kuti aone kuti si masamu a m'mabuku chabe, mupite naye pa thumba la feteleza wobereketsa. Pa thumba la urea analembapo 46% N. Nambala imeneyi sanangoilota. Urea amalembedwa CO(NH2)2: carbon mmodzi ndi 12, oxygen mmodzi ndi 16, nitrogen awiri ndi 28, hydrogen anayi ndi 4, zonse pamodzi 60. Nitrogen ndi 28 mwa 60, ndipo akagawa apeza 46 ndi kakanthu pa 100 iliyonse. Ana anga ankati akawerengera okha n'kupeza nambala yomwe ili pa thumba la kwawo, nkhope zinkasintha. Ndipo funso la Biology limabwera lokha: chimanga chikufuniranji nitrogen? Chimapangira mapuloteni ndi chlorophyll, n'chifukwa chake chosathira feteleza masamba ake amachita chikasu kuyambira a m'munsi. Chodabwitsa n'chakuti mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 ndi nitrogen, oxygen ndi 21 okha, koma chimanga sichingamutenge mumpweyamo. Soya, mtedza, nyemba ndi nandolo zili ndi mwayi: muzule mtedza umodzi muone timibulu ta kumizu. Mmenemo mumakhala mabakiteriya otchedwa Rhizobium amene amagwira nitrogen wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Kasinthasintha wa mbewu amene alangizi amalimbikira uja, gwero lake ndi limeneli.

Feteleza yemweyo mukamuthira mogundiza phesi, chimanga chimapsa. Chifukwa chake ndi osmosis: madzi amadutsa khungu la selo kuchoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene wachuluka, ndiye m'malo momwa, muzu umalavula madzi ake. Adule mbatatesi tizidutswa tiwiri tofanana, kena aviike m'madzi a pa mjigo, kena m'madzi a mchere wambiri. Pakatha ola limodzi, koyamba kalimba, kachiwiri kafota n'kumapindika.

Labotale ya ma acid ndi ma base muli nayo kale. Aviike chidede m'madzi otentha mpaka afiire, agawe m'makapu atatu. M'kapu yoyamba afinyiremo ndimu, aona kufiira kowala. Yachiwiri athiremo chidulo chophikira therere kapena soda, mtundu utembenuka kuloza kobiriwira. Yachitatu aisiye kuti azifananizira. Chidede chagwira ntchito ya indicator, ndimu ndi acid, chidulo ndi base. Pa muyeso wa pH, madzi abwino ali pa 7, ma acid pansi pake, ma base pamwamba pake. Akafinyira ndimu pa soda, thovu lotulukalo ndi carbon dioxide uja wabweranso.

Physics ndiye tikuisenza pamutu tsiku ndi tsiku. Ndowa ya malita 20 ili ndi madzi olemera makilogalamu 20, ndipo dziko limaikoka ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 200. Makilogalamuwo ndi mass, manyutoniwo ndi weight, ndipo ana amataya malikisi ambiri posokoneza ziwirizi. Nanga nkhata imathandiza chiyani, poti ndowayo siipepuka? Imamwaza kulemerako pa malo otambalala, ndiye pressure, imene ndi force kugawa ndi area, imachepa. Ponola mpeni timachita zotsutsana ndi zimenezo, timachepetsa malo kuti pressure ikule. Chogwirira cha mjigo n'chachitali dala: ukagwira kunsonga umapopa mosavuta, ukagwira pafupi ndi pamene chimazungulira umatuluka thukuta. Mutu wa levers ndi moments wathera pomwepo. Wakabaza akamakwera chitunda, nsima ya masana ija ikusanduka kuyenda ndi kukwera, ndipo potsetsereka akamanga mabuleki, mphamvu yomweyo imasanduka kutentha pa limu.

Magetsi nawo ndi dzuwa lomwe lija. Dzuwa limakweza madzi kukhala mitambo, mvula imadzaza nyanja ya Malawi, madzi amatsika ndi Shire, ndipo pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira amagwa mwamphamvu n'kuzunguza makina. M'makinamo maginito amazungulira pakati pa waya wokulungakulunga, monga zimachitikira mu dayinamo ya njinga, njira imene Michael Faraday anaitulukira mu 1831. Pofika m'nyumba magetsiwo amakhala pa mavolti 230. Yuniti imene timagula ija ndi kilowatt-hour: chipangizo cha mawati 1000 chikayaka ola limodzi. Ketulo ya mawati 2000 imadya mayunitsi awiri pa ola, pamene babu ya mawati 10 imafuna maola 100 kuti imalize yuniti imodzi. Ketulo yomweyo, akagawa 2000 ndi 230, apeza kuti ikukoka ma ampere pafupifupi 9, n'chifukwa chake kawaya kowonda kotchipa kamatentha mpaka kusungunuka. Mvula ikayamba, aziwerenga masekondi kuchokera pa kung'anima mpaka pa bingu. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye masekondi atatu ndi kilomita imodzi.

Ndinene mosabisa, ana ambiri amene amati Physics ndi yovuta, chikuwavuta ndi masamu a Fomu 1 ndi 2: kusuntha zilembo mu fomula, ma fraction, ndi kusintha magalamu kukhala makilogalamu kapena mphindi kukhala masekondi. Mumuyese. Ngati fomula ya magetsi ya V = IR akulephera kuitembenuza kuti apeze R, ayambe wakonza pamenepo sabata ziwiri asanatsegulenso buku la Physics. Ndipo nambala iliyonse azilemba ndi muyeso wake. Kulemba 200 yekha, osanena kuti ndi manyutoni kapena ma joule, wolemba malikisi amadula.

Mbali yanu, mayi, ndi iyi. Mukamaphika, muzimuuza kuti akufotokozereni m'Chichewa zimene waphunzira tsiku limenelo, buku litatsekedwa. Inu muzingofunsa kuti “chifukwa chiyani?” mpaka pamene akakamire. Pamene wakakamirapo ndi pamene sanamvetse, ndipo ndi funso loti akawafunse aphunzitsi m'mawa mwake. Akatha kukufotokozerani, ndiye alembe zomwezo m'Chingerezi ndi mawu enieni a m'buku, poti mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi ndipo amafuna mawu ake enieniwo. Zojambula azijambula yekha ndi pensulo, mtima, tsamba, selo, dera la magetsi, osati kungoyang'ana za m'buku. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ayambe kuwagwira panopa, asadikire Fomu 4, ndipo akapeza anzake awiri kapena atatu olimbikira, azikumana ngakhale pansi pa mtengo wa mango.

Ndikusiyirani funso limodzi loti mumupatse lero. Thumba la urea la makilogalamu 50, lolembedwa 46% N, muli nitrogen wolemera bwanji? Musamuuze njira. Akapeza makilogalamu 23, mubwere mundiuze pompano, ndimutumizira mafunso ena asanu a mole kudzera mwa inu.